Odomita yowerenga mopitirira: vuto linali matayala

Galimoto ina ku Salima inkaonetsa makilomita ochuluka kuposa omwe yayendadi, pomwe waranti yake (lonjezo la ogulitsa lokonza galimoto ulere) ndi ya zaka 3 kapena makilomita 100,000, chimene chayamba kukwana.

Choyamba ndinayesa odomita, kachipangizo kowerenga makilomita amene galimoto yayenda. Ndinafufuta tiripi mita (yowerenga mtunda wa ulendo umodzi) kuti iyambire pa ziro, n'kuyatsa GPS ya pafoni, kenako kuyenda mumsewu wa M5 wopita ku Nkhotakota. GPS itafika makilomita 20, tiripi inali pa 20.9. Mtunda waufupi sukuthandizani, kusiyanako sikuoneka.

Sensa ya liwiro inali bwinobwino. Chikapepala chomata pa chimango cha chitseko cha dalaivala chinalemba saizi ya matayala 195/65 R15, koma pansi panali 175/65 R15, otchipa amene mwiniwake anagula akale atatha. Tayala loyamba likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 1.99, lachiwirili 1.91 basi. Odomita siidziwa zimenezo, imangowerenga kuzungulira kwa mawilo. Ndiye ikadzaonetsa 100,000, galimoto idzakhala itayenda pafupifupi 95,900, waranti n'kutha kutatsala makilomita pafupifupi 4,000. Matayala aakulu amachita zosiyana: amawerengetsa mochepa, koma ogulitsa galimoto akhoza kukana kukonza chifukwa munasintha saizi.

Ndinabwezeretsa 195/65 R15 onse anayi, n'kupopa mpweya wolembedwa pa chikapepala chija. Pobwereza mayeso, tiripi inagwirizana ndi GPS.

Makilomita owonjezera aja musawabweze ndi kompyuta, ndi njira yachangu yotayira waranti yonse. Sungani lisiti la matayala, lembanipo tsiku ndi nambala ya odomita, mukaonetse popita ku sevisi.