Kuzindikira kung'ambika kwa diaphragm munthu akavulala pamimba

Diaphragm ndi mnofu wopyapyala wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Ukang'ambika, nthawi zambiri umabisala kumbuyo kwa mabala ena, monga kuphulika kwa kapamba kapena kuthyoka kwa nthiti ndi mafupa a m'chiuno. Ndiye musadikire kuti udziwonetse wokha.

Yambani ndi mmene wavulalira. Ngozi ya galimoto kapena kugwa kuchokera pamwamba kumang'amba malo aakulu, masentimita 5 mpaka 15, kawirikawiri kumanzere, chifukwa kumanja chiwindi chimatchinga. Mpeni kapena chipolopolo zimasiya kabowo ka sentimita imodzi kapena awiri, ndipo kameneka ndi kamene kamaphonyeka. Munthu akatulutsa mpweya, diaphragm imakwera mpaka pa mzere wa mawere. Choncho bala lililonse lobaya pakati pa mzere umenewu ndi nthiti zomaliza, kutsogolo kapena kumsana, lizikayikiridwa.

Mvetserani chifuwa: mpweya wochepa mbali imodzi, matumbo kulira m'chifuwa, kupweteka kwa phewa.

Lowetsani chubu cha m'mphuno kufika m'chifu, kenako jambulani X-ray ya chifuwa. Chubu chikapindika n'kubwerera m'chifuwa chakumanzere, nkhani yatha, chifu chakwera. Onaninso ngati mzere wa diaphragm wakwera kapena wafufutika. Koma X-ray yoyamba imatha kuoneka yabwinobwino, makamaka wodwala akakhala pa makina opumira, poti mphamvu ya mpweya imakankhira ziwalo m'mimba. Jambulaninso akachotsedwa pa makinawo. FAST, sikani yachangu ya ultrasound yopimira wovulala, imaonetsa magazi basi, siitsimikiza kuti mnofuwu uli wonse.

Apa ambiri amalakwa: chifu chotupa ndi mpweya m'chifuwa chimafanana ndi pneumothorax, mpweya wotsekeredwa pakati pa phapo ndi khoma la chifuwa. Musanaike chubu cha m'chifuwa, lowetsani chala pabowo lomwe mwacheka pachifuwa mufufuze, ndipo musagwiritse trocar (chitsulo chosongoka cholowetsera chubu), mungaboole chifu.

Wodwala akakhazikika, CT, sikani ya kompyuta yoonetsa m'kati mwa thupi, imathandiza. Funani mzere wa diaphragm wodukiza, chifu chomangika ngati khosi la thumba pomwe chadutsa pabowo, kapena ziwalo zogonera pa nthiti zakumbuyo. Tibowo ta mpeni timadutsabe osaoneka, n'chifukwa chake bala lobaya kumanzere, pakati pa mzere wa mawere ndi nthiti zomaliza, limafuna laparoscopy (kuyang'ana m'mimba ndi kakamera) ngakhale CT itaoneka bwino. Amene akukha magazi osakhazikika apite ku opaleshoni, ndipo dokotala aone ndi kukhudza mbali zonse ziwiri za diaphragm.

Bowo lophonyeka silidzipoletsa lokha, poti mnofuwu sugona ndipo chifuwa chimakoka ziwalo. Pakatha miyezi kapena zaka, munthu amabwera matumbo atatsamwa m'bowomo.