Kujambula zithunzi popanda lenzi

Ngati kamera yanu ndi yochotsa lenzi, yesani izi. Tengani chivindikiro chotsekera kamera pamalo polowa lenzi, muchiboole pakati. Dulani kachidutswa ka chitini cha zakumwa, mukaboole ndi nsonga ya singano, kabowo ka pafupifupi 0.3 mm. Apa m'pofunika kudekha: singano isalowe yonse, ingokanikizani pang'ono, kenako mupale kuseri ndi sandipepa mpaka pasalale, chifukwa bowo lokhakhala limawononga chithunzi. Mateni kachidutswako pabowo la chivindikirocho ndi tepi yakuda kuti kuwala kusalowere m'mbali.

Chotsani lenzi, mutseke ndi chivindikirocho. Ikani kamera pa M (pomwe mumatchera zonse nokha), muikhazike posagwedezeka. Padzuwa yambani ndi kulowetsa kuwala kwa sekondi imodzi pa ISO 100 (muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala), pamthunzi muwonjezere nthawiyo. Chithunzi chimatuluka chofewa, ndipo ine ndimachikondera pomwepo. Koma yeretsani kaye sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, poti kafumbi kalikonse kamaonekera.