Mmene mungamangire nyumba za lendi za ogwira ntchito m'nkhalango

Kuchokera ku Lusangazi, mukangotuluka mu Mzuzu pa msewu wa M1, mpaka ku Chikangawa, anthu a ntchito ndi ambiri koma nyumba zabwino n'zochepa. Ocheka matabwa, madalaivala a malole, alonda, ambiri amagona m'zisakasa za zigwagwa (matabwa otsala pocheka), banja atalisiya ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa. Mwezi ukatha, malipiro onse amakwera minibasi kupita m'tauni. Choncho ngati muli ndi kapuloti chakumeneko, musamange mdadada wa tizipinda ta anyamata okha. Mangani nyumba yoti munthu angabwere ndi mkazi ndi ana: zipinda ziwiri, pabalaza, khitchini panja. Ine ndimamanga zoterezi.

Yambani ndi malire. Nkhalango ya Viphya ndi ya boma, mahekitala oposa 50,000, ndipo pomwe paini adadulidwa kale pamaoneka ngati tchire lopanda mwini. Mawu a amfumu okha sakwanira. Kafunseninso ku ofesi ya zankhalango, akulozereni pomwe malire adutsa. Puloti ikakhala mkati mwa mzinda, pulani idutse ku khonsolo.

Chimbudzi ndi madzi zikhale zoyamba, khoma lisanakwere. Mayi akabwera kudzaona nyumba, amayamba wazungulira kuseri. Chimbudzi mukumbe chakumunsi, kutali ndi chitsime, pamwamba silabu ya simenti.

Tsono mdani weniweni kuno ndi chinyezi. Mvula yathu imapitirira mpaka Epulo, nthawi zina Meyi, anzathu a ku Lilongwe atakolola kale, ndipo dothi lofiirali likakhuta madzi limatsetsereka. Amene tinali mu Mzuzu mu Epulo 2016 tikukumbukira nyumba zomwe zidagwa. Maziko akwere mizere itatu kapena inayi ya njerwa pamwamba pa nthaka, muyale pepala lakuda lapulasitiki musanapitirize khoma. Amisiri ena amati pepalalo n'kutaya ndalama. Asiyeni alankhule, inu yalani. Popanda ilo, pakatha chaka pulasitala amatuwa m'munsi, kenako amayoyoka mukangomukhudza ndi chala, zovala m'sutikesi n'kumanunkha nkhungu. Malata atuluke bwino kunja kwa khoma, ndipo kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi.

Mu Juni ndi Julaye malata opanda siling'i amadontha mame m'mamawa, bulangete n'kunyowa. Ikani siling'i, ngakhale ya matabwa otsala pocheka. Alendi muwauze mosabisa kuti mbaula ya makala sigona m'chipinda chotseka. Utsi wake suoneka koma umapha.

Matabwa ali pafupi, koma musakhome aawisi. Paini wongochekedwa kumene amapindika akamauma, chitseko n'kukana kutsekeka. Asanjeni pamthunzi, timitengo pakati, mphepo izidutsa. Akauma apakeni mankhwala a chiswe. Ambirife timapaka oyilo wakuda wochotsa m'galimoto pa mitengo ya denga, ndipo amathandiza ndithu. Kuyambira Ogasiti, lambulani udzu kuzungulira nyumba, chifukwa moto wolusa wa m'paini suchenjeza.

Pa lendi, funsani kaye kuti anthuwo amalandira zingati ndiponso tsiku liti, mugwirizane polemba. Ngati magetsi a ESCOM afika, nyumba iliyonse ikhale ndi mita yake. Mikangano yambiri ya alandilodi ndi alendi imayambira pa mayunitsi. Ngati sanafike, kasola kakang'ono ka mababu ndi kutchajira foni n'kokwanira.

Musadikire ndalama ya nyumba zisanu. Malizani imodzi, alowe anthu, lendi yake pamodzi ndi ndalama ya banki m'khonde ziyambitse yachiwiri. Kutsogolo, chakumsewu, siyani malo osamangapo. Mabanja akachuluka, wina adzakupemphani poika benchi ya tomato ndi usipa, wina kagolosale kapena saluni, ndipo ameneyo mudzamulipiritsa lendi yakeyake.