Aphunzitsi a Sande sukulu, zida zanu zili m'khitchini momwemo

Muli bwanji aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse a kuno ku Lusaka. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera makalasi a Sande sukulu ku Matero, Chawama, Mtendere mpaka ku Kanyama uko, dandaulo lomwe ndimamva kwambiri ndi lakuti tilibe zida, tilibe mabuku a zithunzi, ana sakhala chete, ukangoyamba kuwerenga vesi ena ayamba kutsinana ena apempha kupita kutoileti onse nthawi imodzi. Ine ndimawafunsa kuti kunyumba muli ndi mchere? Muli ndi chitenje? Nyemba zilipo? Basi zida ndi zimenezo. Yesu mwini wake pophunzitsa amaloza zomwe anthu amaziona tsiku lililonse, mchere ndi nyali pa Mateyu 5, chotupitsa mkate pa Mateyu 13:33, ndalama yotayika m'nyumba pa Luka 15, ndipo pa Deuteronomo 6:7 makolo anauzidwa kuphunzitsa ana ali khale m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka, kutanthauza kuti phunziro likhale komwe mwana ali.

Koma ntchitoyi ili ndi kachitidwe kake ngati ulimi, mbewu yabwino ukaibzala molakwika siimera. Ndiye tiyeni tikambirane kachitidweko.

Choyamba chinthu chimodzi, mfundo imodzi. Ndinaonapo mphunzitsi wina atabwera ndi thumba lodzaza, kandulo, mchere, mwala, sopo, galasi, zonse Sande imodzi, ana anasangalala zedi koma nditafunsa kamtsikana kena potuluka kuti mwaphunzira chiyani lero kanati "aticha anabweretsa sopo". Sankhani chimodzi, ndipo musanachoke kunyumba yesani kunena mfundo yanu m'chiganizo chimodzi chachifupi, ikakukanikani inuyo ndiye kuti kwa mwana wa zaka 6 ikanika kawiri. Tiana tosakwana zaka 6 mphindi 5 zakwana, a zaka 7 mpaka 10 mutha kufika nawo mphindi 10 kapena 15 ngati manja awo ali pa ntchito, akuluakuluwo apatseni mpata akutsutseni, amakonda zimenezo.

Phunziro lomwe ine ndimalikonda kuposa onse ndi la nyemba, chifukwa silitha Sande imodzi ndipo chikhulupiriro nachonso ndi nkhani yodikira. Tolani mabotolo apulasitiki a madzi kapena a zakumwa aja angoti mbwee m'ngalande, atsukeni bwino ndi sopo, dulani pakati mutenge theka lakumunsi, boolani timabowo 3 kapena 4 pansi ndi msomali wotentha kuti madzi azituluka, izi muchitiretu nokha kunyumba osati ndi ana. Dothi likhale lakuda losakaniza ndi manyowa owola bwino, osati lofiira lomata lija lomwe likauma limalimba ngati njerwa. Nyemba gulani zodya zapamsika, ku msika wa Soweto kapena pa kantemba ka pafupi, kapu imodzi ikwanira kalasi yonse. Chonde chonde musatenge mbewu ya m'mapaketi yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ija, utoto uja ndi chizindikiro chakuti yathiridwa mankhwala, mwana akaiika mkamwa mwaputa mlandu. Ziviikeni m'madzi Loweruka usiku, m'mawa zikhala zitafufuma. Mwana aliyense abzale yekha nyemba 2, kuya kwake mfundo imodzi ya chala chake kapena kupitirira pang'ono, akwirire, athirire madzi ochepa, alembe dzina lake pabotolo.

Akakwirira afunseni, nyemba ili kuti? Ati ili m'dothi. Mukuiona? Ayi. Nanga mukudziwa bwanji kuti imera? Apa khalani chete, musawayankhire, mudzamva zinthu. Wina adzati chifukwa agogo kumudzi ku Katete amabzala zimamera, wina adzati chifukwa aticha mwanena, ndipo mayankho awiri onsewa ndi phunziro lanu lomwe, timakhulupirira chifukwa tinaona kale kukhulupirika kwake komanso chifukwa cha amene walonjeza. Ndiye muwawerengere Ahebri 11:1 kapena Marko 4:26-29, pamene munthu amafesa mbewu nkumagona ndi kudzuka, mbewu ikumera iye osadziwa kuti zikuchitika bwanji. Nyengo yotentha ngati Okutobala nyemba zimatuluka pasanathe sabata kapena kupitirira pang'ono, koma mu Juni ndi Julayi kuzizira kwa Lusaka kuno zimachedwa, zitha kufika masiku 10 kapena kuposa, ndiye musalonjeze ana kuti Sande yamawa zikhala zitamera. Ndipo dziwiranitu kuti padzapezeka kamnyamata kofukula tsiku lililonse kuti kaone ngati yayamba, nyemba yake nkufa, osakakalipira, kamwanako kakuchita zomwe tonse timachita ndi mapemphero athu, ingokapatsani ina kabzalenso. Padzapezekanso amene anasamala bwinobwino koma yake osamera. Mukhale ndi mabotolo anu 3 kapena 4 apadera, koma musanamupatse lina mumve kaye chisoni chake, ndipo pakamwa panu pasatuluke mawu oti yako sinamere chifukwa chikhulupiriro chako nchochepa. Mawu amenewo mwana amawasunga, tsiku lomwe amayi ake adzadwale osachira adzawakumbukira nkumadziimba mlandu.

Tiana tating'ono tosakwana zaka 4 musatipatse nyemba m'manja, timaika m'mphuno ndi m'makutu, amene anathamangirapo ku kiliniki ndi nkhani imeneyi akudziwa.

Za kambewu ka mpiru pa Mateyu 17:20 nzosavuta kwa ife chifukwa mpiru timadya, njere zake amagulitsa, ikani kamodzi padzanja la mwana aliyense pa kaselotepi kuti kasagwe. Kungoti musaumirire kuti ndi njere yaying'ono kuposa zonse padziko lapansi, mwana amene anaonapo njere za bonongwe kapena za fodya kumudzi akugwirani bodza pomwepo. Yesu ponena kuti njereyi ndi yaying'ono kuposa zonse amalankhula za njere zomwe alimi akwawo amafesa m'minda mwawo, ndipo mpiru wakumeneko umatalika kuposa munthu, wathu uno ukausiya kuti uchite maluwa umangofika cha m'chiuno. Mfundo ndi yakuti kanthu kochepa kali ndi moyo mkati.

Tsopano ndikuuzeni za manyazi anga. Tsiku lina ndinakonza phunziro la yisiti, makapu 2 a fulawa, supuni yaying'ono ya yisiti, kashuga pang'ono, mabakuli awiri, lina lothira yisiti lina lopanda, kukanda pamaso pa ana poyamba kalasi, kuvundikira ndi nsalu, kuti pomaliza tidzavundukule tione lina litakwera. Ndi mmene amayi a vitumbuwa amachitira m'mawa uliwonse, palibe chachilendo. Koma ine pofulumira ndinathira madzi ochokera pa mbaula pomwepo, otentha moti chala sichikanalowa, ndipo madzi otentha amapha yisiti chifukwa yisiti ndi kanthu kamoyo. Ola litakwana ndavundukula mwamatama, mabakuli onse awiri ali phwatalala chimodzimodzi. Kamnyamata kena kumbuyo kanakweza dzanja nkuti "aticha ndiye kuti ufumu wa Mulungu sunagwire?" Kalasi yonse kuseka, ine thukuta kamukamu. Kuyambira pamenepo chilichonse ndimayamba ndayesa kunyumba Lachisanu kapena Loweruka, madzi akhale ofunda ngati osambitsa khanda, bakuli liikidwe padzuwa kapena pamalo otentherako, ndipo lipatseni mphindi 45 mpaka ola. Ana akuluakulu auzeninso kuti malo ena m'Baibulo, ngati Mateyu 16:6, chotupitsa chikuimira chinthu choipa chomwe chimafalikira, kuti asadzasokonezeke akadzakumana nazo okha.

Apa pali nkhani ya chilankhulo. Buku Lopatulika lomwe ambiri tinakulira linatuluka mu 1922, Chinyanja chake nchokoma koma mwana wobadwira ku Garden kapena ku Chaisa amene amasakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi m'chiganizo chimodzi, mawu oti chotupitsa kapena mbiya sawadziwa. Werengani vesi mmene lilili, kenako nenani m'mawu a pabwalo, yisiti, baketi, tochi. Amene muli ndi Buku Loyera la 1998 limathandizako chifukwa mawu ake ndi apafupi.

Chinthu chilichonse chili ndi pomwe fanizo lake limathera, ndipo ana a m'tauni amapapeza msanga kuposa inu. Fanizo lotchuka lija loti Mulungu ali ngati magetsi, sitiwaona koma timaona ntchito yake, kwina limagwira koma kuno samalani nalo. Ana awa anadutsa mu 2024, chilala chija chitachepetsa madzi ku damu la Kariba komwe amapangira magetsi, pamene maola okhala mumdima amaposa maola owala, ndiye mukati Mulungu ali ngati magetsi wina afunsa kuti nayenso amapita nkubwera 02 koloko usiku? Bola mphepo, Yohane 3:8 inanena kale, tulukani nawo panja mu Ogasiti mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala, aliyense agwire kapulasitiki m'mwamba aone kakudzaza. Za kuwala gwiritsani tochi ya foni ndi baketi, yatsani, vundikirani, funsani ngati chikuthandiza aliyense. Kandulo m'kalasi yodzaza ana 40 pa mabenchi 5 ine sindilimbikitsa, madiresi a nayiloni aja sachedwa kugwira.

Chitenje ndiye chida chomwe sichinandigwiritsepo mwala. Pemphani mayi mmodzi wa mumpingo wokhala ndi khanda alowe m'kalasi mphindi zochepa, amubereke pamaso pa ana, amange mfundo yake pachifuwa, ayendeyende, awerame ngati akusesa. Afunseni ana kuti mwanayu akugwira chiyani kuti asagwe? Ayang'anitsitsa nkuona kuti sakugwira kanthu, manja ali lende, mwina wagona kale. Amayi ake amadutsa naye pakati pa ma minibasi ku City Market, amalumpha naye zithaphwi nthawi ya mvula, iye ali mtulo. Mwana sanayeze kulimba kwa nsalu, sadziwa ngakhale mtengo wake, akungodziwa msana womwe wamunyamula. Yesaya 46:3-4 ikunena za Mulungu wonyamula anthu ake kuyambira m'mimba mpaka imvi, ndipo Salimo 131:2 ili ndi chithunzi cha mwana wokhala phee pa amake. Koma yang'anani nkhope za ana anu musanayambe, m'makalasi athu muli ana amasiye ambiri oleredwa ndi agogo, azakhali kapena achemwali awo, ndiye funso likhale lakuti ndani anakuberekapo kumbuyo, osati amayi ako amakubereka bwanji.

Ndalama ndimaigwiritsa ntchito mosamala. Kubisa kakoini ka K1 pansi pa mphasa nkuwapatsa ana tsache kuti asese mpaka akapeze, kenako onse kuimba nthungululu monga mayi wa pa Luka 15:8-10 anaitanira anansi ake, limenelo ndi phunziro labwino loti Mulungu amafunafuna munthu mmodzi. Chomwe ndimakana ndi kuphunzitsa ana kuti ukaponya K1 m'mbale Mulungu akubwezera K10, uko nkuwaphunzitsa juga m'dzina la chikhulupiriro. Chimodzimodzi timatsenga tija tosintha mtundu wa madzi ndi mankhwala ochapira, ana amakuwa ndithu koma chomwe amapita nacho kunyumba nchakuti aticha ndi amatsenga, komanso mankhwala aja ndi oopsa pafupi ndi maso a ana.

Phunziro la mchere nlosavuta, chiwawa kapena nyemba zophika mbale ziwiri, ina yothira ina yosathira, koma aliyense ndi supuni yake ndipo asambe m'manja ndi sopo. Tonse tikukumbukira kolera ya kumayambiriro kwa 2024 pamene bwalo la National Heroes linasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndiye nthawi ya mvula zolawalawa zisiyeni kaye, mudzachite mu Meyi.

Makolo, mbali yanu ndi yaikulu kuposa ya mphunzitsi amene amaona mwana ola limodzi pa sabata. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana akabwera ndi botolo lake la nyemba musalitaye kuti likudetsa pakhonde, mupezereni malo pomwe pamafika dzuwa koma nkhuku za aneba sizifika, m'mawa asanapite kusukulu mufunseni kuti yatuluka? Pokoleza mbaula muonetseni kuti khala limodzi la moto mukalichotsa pa anzake nkuliika pambali limazima msanga, mukalibwezera limayakanso, mufunseni yekha kuti zikufanana ndi chiyani, akalephera musiyeni, mawa mukolezanso.

Aphunzitsi, Sande yotsatira yambani ndi kufunsa za chinthu cha sabata yatha musanatulutse chatsopano, mukhale ndi kakope kolembamo zomwe ana anayankha, makamaka mayankho omwe anakudabwitsani, chifukwa ndi momwe mudzadziwire ngati mfundo inalowa kapena anangokumbukira sopo. Amene mukufuna kuyamba ndi nyemba uzani ana Sande ino kuti aliyense abwere ndi botolo lake lotsuka, inu mukagule nyemba Lachisanu, koma zingapo mugule lero mubzaliretu kunyumba kuti muone ngati nyemba za pa kantemba kanuko zimamera, chifukwa zina zimakhala zakale kapena zofumbwa.