Kuwerengera kuipa kwa madzi amumtsinje ndi masamu, ife a pa Dedza

Tonse timaloza pomwe ngalande yakumsika ikukhuthulira madzi akuda aja nkumati mtsinje wafera apa, koma ayi, okosijeni amakatsika kwambiri kumunsi uko chifukwa mabakiteriya odya nyansizo samaliza nthawi imodzi. Anazilemba ndi Streeter ndi Phelps mu 1925 atafufuza mtsinje wa Ohio ku America, ndipo fomula yawo mutha kuyiyesa pa kamtsinje ka pa boma kaya pa Linthipe.

Yambani ndi liwiro. Yezani mamita 10, ponyani chitsononkho pamadzi muwerenge masekondi pafoni, katatu osati kamodzi, liwiro mwapezalo muchulukitse ndi 0.8 poti madzi apamwamba amathamanga kuposa apansi. Kenako m'lifupi kuchulukitsa kuya kuchulukitsa liwiro, mwadziwa madzi odutsa pa sekondi. Ngalande nayonso chimodzimodzi.

Tungani madzi m'mabotolo, kumtunda ndi mungalandemo, muike mu ayisi mupititse ku labu akayeze BOD (okosijeni amene mabakiteriya amagwiritsa ntchito podya nyansi za m'madzimo), amawasunga masiku 5 mumdima pa madigiri 20 ndiye osawavutitsa ndi mafoni mawa lake.

Tsopano kusakaniza. Tingoyerekeza mtsinje uli ndi malita 90 pa sekondi BOD 2, ngalande malita 10 BOD 200. 180 kuphatikiza 2000 kugawa ndi 100, ikubwera 21.8 mg/L, BOD ya masiku 5 ya madzi osakanizawo ndi imeneyo. L0 wa mufomula ndi BOD yonse nyansi zitawola zonse, ndiye gawani 21.8 ndi (1 − e^(−5×kd)) kuti mumupeze. Kangalande kakang'onong'ono komatu taonani.

Mu Excel lembani D = kd×L0/(ka−kd) × (e^(−kd×t) − e^(−ka×t)) + D0×e^(−ka×t). D ndi okosijeni amene akupelewera, D0 wopelewera poyambira (amene madzi angathe kusunga kuchotsera amene alimo), kd liwiro lowolera nyansi, ka liwiro lomwe mpweya ukulowera m'madzi, t ndi masiku, mtunda kugawa ndi liwiro la madzi lija, masekondiwo muwasandutse masiku. Kokerani mizere pansi muone pomwe D wakula kwambiri, pamenepo ndi pomwe nsomba zimavutika.

Apa ndipomwe ambiri amagwa nayo. Mabuku amati madzi a madigiri 20 amasunga okosijeni pafupifupi 9 mg/L, koma zimenezo nza kumalo otsika olingana ndi nyanja yamchere, Dedza ili mamita ngati 1,600 m'mwamba ndiye kuno ndi cha m'ma 7.5 basi, mukakopera 9 uja D0 wanu walakwika kale. Kuzizira kwa mu Juni nakonso kumachedwetsa kd, muchulukitse ndi 1.047^(T−20), T ndi madigiri a madzi anuwo. Ine ndimakonda kuyeza mu Okutobala, madzi atachepa kukutentha, nyansi zikusowa pothawira.