Zoyenera Kuchita Mankhwala Akamawawitsa Mutu Achikulire

Munthu akamakula, impso ndi chiwindi zimagwira ntchito mochedwerapo, choncho mankhwala amakhalitsa m'thupi kusiyana ndi mmene amachitira mwa wachinyamata. Achikulire ambiri amamwanso mankhwala angapo tsiku lililonse, a BP, a shuga ndi a nyamakazi, ndipo ena mwa iwo amawawitsa mutu. Zikatero, achibale amathamangira kuokala kukagula Panado, kapena agogo eni ake amangosiya mankhwala mwakachetechete, koma njira zonse ziwirizi zikhoza kuika moyo wawo pachiswe.

Musanaganize za mankhwala, yambani mwaona ngati mutuwo si chizindikiro cha vuto lofuna chipatala nthawi yomweyo. Ngati mutu wayamba mwadzidzidzi ndi ululu woopsa, pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wafooka mbali imodzi, kapena mawu sakumveka bwino, zimenezo zikhoza kukhala sitiroko. Thamangirani kuchipatala chimodzimodzi ngati khosi lauma thupi likutentha, ngati maso ayamba kuchita chidima, kapena ngati agogowo anagwa n'kumenyetsa mutu, makamaka akamamwa aspirin kapena warfarin, chifukwa mankhwala amenewa amachedwetsa magazi kuundana ndipo magaziwo akhoza kumatayikira mkati mwa mutu.

Ngati zizindikiro zimenezi palibe, sonkhanitsani mankhwala onse amene akumwa, osati a kuchipatala okha. Yang'anani pawindo, m'thumba la jekete ndi pa mfundo ya chitenje, pamene nthawi zambiri pamakhala timapiritsi togula pamsika topanda dzina. Musasiye mankhwala azitsamba ndi aja amene anapatsidwa ndi mnzawo wa kutchalitchi amene akuti anamuthandiza miyendo. Kenako tsegulani buku lawo la kuchipatala ndi kuona tsiku limene analandira mankhwala atsopano kapena limene dokotala anawonjezera mlingo, ndipo mulifanizire ndi tsiku limene mutu unayamba.

Pali mankhwala amene amadziwika bwino pa vutoli. Amlodipine ndi nifedipine, amene amaperekedwa kwa odwala BP, amatakasula mitsempha ya magazi, ndiye masiku oyambirira mutu umagunda, nkhope imatentha, mwinanso mapazi amatupa. Kwa ambiri mutuwo umachepa thupi likazolowera. Mankhwala a mtima a gulu la nitrate, monga isosorbide, amachitanso chimodzimodzi. Hydrochlorothiazide, amene odwala amawatchula kuti HCT, amakodzetsa kwambiri ndipo akhoza kuchepetsa madzi ndi mchere m'thupi, zomwe zimabweretsa mutu, chizungulire ndi kufooka, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November. Indocid, amene ambiri amagulira kuphwanya kwa mafupa, amadziwikanso powawitsa mutu, ndipo iye pamodzi ndi Brufen akhoza kukweza BP komanso kuononga impso ndi m'mimba. Ma ARV okhala ndi dolutegravir nawonso amapatsa anthu ena mutu ndi kusowa tulo akangowayamba.

Odwala shuga afunika kuwayang'anitsitsa mwapadera. Agogo amene amamwa glibenclamide m'mamawa n'kunyamula khasu kupita kumunda asanadye kanthu akhoza kutsika shuga kwambiri, ndipo mutu umabwera limodzi ndi thukuta, kunjenjemera, njala ndi kusokonezeka maganizo. Ngati akutha kumeza, apatseni madzi osungunuliramo shuga nthawi yomweyo, kenako chakudya, ndipo nkhaniyo mukainene kuchipatala ngakhale atapeza bwino.

Chinthu china chofunika ndi kulemba. Tengani kope ndipo kwa sabata imodzi kapena ziwiri muzilemba nthawi imene amwa mankhwala, nthawi imene mutu wayamba, zimene anadya, ndi mapiritsi opha ululu amene amwa tsikulo. Ngati pakhomo kapena pafupi pali makina oyezera BP, lembaninso manambala ake, pakuti mutu wokha sungakuuzeni ngati BP yakwera kapena yatsika. Kopeli limaulula chinthu chimene ambiri sachiganizira: mankhwala a mutu nawonso amayambitsa mutu. Munthu amene wakhala akumwa Panado, aspirin kapena Brufen masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yoposa 3, akhoza kumadzuka ndi mutu pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha mankhwala omwewo. Kwa mapiritsi osakaniza ndi caffeine kapena codeine, masiku 10 pamwezi ndi okwanira kubweretsa vutoli. Panado wa 500mg asapitirire mapiritsi 8 pa maola 24, ndipo kwa achikulire ochepa thupi kapena ofooka mlingo uyenera kuchepera pamenepo.

Mukamaliza, nyamulani mankhwala onse m'mapaketi awo, buku la kuchipatala ndi kope lija, mupite nawo kwa dokotala osadikira tsiku lokatenga mankhwala. Ndi bwino kuwaperekeza, chifukwa achikulire ambiri akalowa m'chipinda cha dokotala amangoyankha kuti ali bwino poopa kuoneka ngati akudandaula. Fotokozani mwachindunji, monga kunena kuti, "Agogo anayamba mankhwala awa mwezi watha, ndipo mutu umawagwira pakapita ola limodzi atamwa." Dokotala akhoza kuchepetsa mlingo, kusintha nthawi yomwera kapena kupereka mankhwala a mtundu wina, ndipo pemphani kuti kusinthako kulembedwe m'buku.

Podikira zimenezo, mankhwala a BP, a mtima, a shuga ndi ma ARV asalekedwe, chifukwa BP yosiyidwa ikhoza kubweretsa sitiroko mosachenjeza. Ngati dokotala walangiza kusiya mapiritsi opha ululu, achenjezeni agogo kuti mutu ukhoza kuyamba wakula kwa masiku angapo usanayambe kuchepa, kuti asabwerere kuokala pa tsiku lachiwiri. Mutu ukapitirira patatha milungu ingapo mankhwala atasinthidwa, bwererani kuchipatala kuti akafufuze zifukwa zina.