Kakonzedwe ka chikuto cha chimbale kwa oyimba odziyimira paokha ku Chigwa cha Shire

Woyimba amene alibe kampani yomugulitsira nyimbo, chikuto ndicho chimamulankhulira iye kulibe. Munthu wa pamsika wa Nchalo kapena pa Bangula amaona chithunzi asanamve ng'oma, ndipo pomwepo wadziwa ngati nyimbozo ndi za kwawo. Ndiye musanaitane wojambula, dziwani amene mukuwayimbira. Ngati m'nyimbo mukulira valimba, ioneke pachikuto ndi zipanda zake zolendewera kunsi, ndipo mutu ulembedwe m'Chisena kapena Chimang'anja momwe mwayimbiramo. Kutsamira galimoto yobwereka pomwe mukuyimba za madzi osefukira ndi chimanga cha kudimba kumathamangitsa eni nyimbo, n'kuitana anthu amene sadzaimaliza n'komwe.

Jambulitsani isanakwane 8 koloko m'mawa kapena ikadutsa 4 koloko madzulo. Dzuwa la masana kuno limaika mdima m'maso, thukuta n'kumanyezimira pamphumi. Malo olemekezeka ngati Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona ku Nsanje, musawaike pachikuto eni ake asanalole. Chithunzi chitumizidwe pa WhatsApp ngati document. Mukachitumiza mwachizolowezi chimafinyidwa, ndipo posindikiza nkhope imatuluka timabokosi.

Pepala lakutsogolo la kabokosi ka CD ndi mamilimita 120 mbali zonse. Onjezerani mamilimita 3 kumbali iliyonse kuti mpeni wodulira ukaphonya pasatsale mzere woyera, ndipo mawu onse akhale mamilimita 3 kulowa mkati. Pa A4 pamakwana zikuto 2, pa A3 pamakwana 6. Faelo ikhale ya 300 dpi (timadontho 300 pa inchi), mitundu ya CMYK, yomwe ndi ya inki yosindikizira. Foni ndi kompyuta zimaonetsa RGB, mitundu ya kuwala kwa pasikirini, n'chifukwa chake buluu wowala uja amatuluka wozilala papepala. Sindikizani chimodzi choyamba, mutuluke nacho panja, muchione padzuwa musanalipire zonse.

Apa ndi pomwe ambiri amaluza ndalama. Inki ya printer ya inkjet imasungunuka ikangogwiridwa ndi dzanja la thukuta, ndipo nthawi ya dzinja chinyezi chimapinda pepala lopyapyala. Funsani makina a laser ndi pepala lolimba la 250 kapena 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), alimate ndi kapulasitiki kosanyezimira. Pa CD penipenipo musamatepo sitika: kutentha kwa mu Okutobala, komwe kumapitirira madigiri 40, kumasungunula guluu, sitika imatukuka, CD n'kumagwedera kapena kukanirira mu wailesi. Sindikizani pa CD yoyera pamwamba yopangidwira zimenezo. Ndipo katoni ya zimbale isagone pa dashibodi ya minibasi, zimafika ku Nsanje zitapindika.

Kumbuyo lembani mndandanda wa nyimbo, wopeka, wojambula mawu, chaka ndi chizindikiro cha ©. Siyani kampata ka sitika ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina ku Malawi, ndipo nyimbozo mukalembetse kumeneko zisanatuluke.

Komatu omvera ambiri chikutocho adzachiona pafoni, chochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Konzani china cha RGB, mapikiselo 3000 mbali zonse, chopita ku Spotify ndi kwina kotere. Musalembepo nambala ya foni kapena dzina la tsamba lanu la Facebook, chifukwa makampani otumiza nyimbo kumeneko amachibweza. Chichepetseni pafoni, mupatse munthu amene sakukudziwani. Akalephera kuwerenga dzina lanu, kulitsani zilembo, muchotse zokongoletsa zina.

Nyimbo zikamayenda pa memole khadi ndi fulashi kuchokera kwa obena nyimbo, dzina la faelo limasinthidwa mpaka mwini wake osadziwika. Tsegulani nyimbo iliyonse mu pulogalamu yaulere ya Mp3tag, mulembe dzina lanu, mutu ndi chaka, kenaka mulowetsemo chikuto chochepetsedwa kufika mapikiselo 600. Yesani pafoni ziwiri zosiyana, ina ikhale ya mabatani, musanapereke kwa wobena woyamba.